Tabwereranso Pawindo

Aliyense amene ali ndi foni muno m'Zambia analandirapo kauthenga kaja: ndalama zija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakutilakuti. Timaseka, n'kufufuta. Kuseka kumatha tsiku limene ifeyo tikufunadi kugula chinthu kwa munthu amene sitinamuonepo nkhope. Mwaona chithunzi cha foni, cha nsapato, kapena cha injini ya boti. Mtengo ndi wabwino. Mwini wake akuti ali ku Lusaka kapena ku Nakonde, inu muli kuno ku Chanyanya, ndipo akuti mutumize theka la ndalama kuti katunduyo akwere basi ya mawa. Nambala mwalemba, ndalama mwalemba, kwatsala PIN yokha. Apa chala chimaima.

Anzanga ena amati mantha amenewa ndi uchimidzi. Ati dziko linapita patsogolo, anthu akugula magalimoto ku Japan osawaona, iwe ukuopa nsapato? Ine sindivomereza. Mantha amenewa ndi akale kuposa foni, ndi akale kuposa kwacha, ndipo anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Kafue akhala akulimbana nawo kwa zaka mazanamazana. Njira zimene ankapeza zinali zosiyanasiyana, koma ndikaziyang'ana sindiona ngakhale imodzi imene inkadalira kukoma kwa pakamwa pa wogulitsa. Zonse zinkayankha mafunso awiri. Katunduyo ndamuona? Nanga munthuyu akandinamiza, ndikamupeza kuti?

Ndiyambe ndi kwathu. Chanyanya ndi malo a alendo. Mukaima pa haba m'mawa mabwato akamafika, mumva Chitonga, Chilozi, Chibemba ndi Chinyanja m'kamphindi kamodzi. Asodzi akale a m'chigwa cha Kafue Flats ndi a Batwa, amene ankakhala m'mphepete mwa mtsinje ndi pa zilumba, pamene a Ila ndi Atonga ankatsitsira ng'ombe zawo m'chigwamo madzi akaphwa. Kuyambira cha m'ma 1950, maukonde a nayiloni atafika ndipo matauni a m'mbali mwa njanji atayamba kufuna ndiwo zambiri, kunabwera asodzi ochokera kutali, Alozi, Abemba ndi ena. M'mbuyo mwawo munabwera ogula, amayi a m'makomboni a Lusaka ndi madengu awo. Madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, omangidwa m'zaka za m'ma 1970, anasintha kasefukiridwe ka madzi, koma malonda sanaime. Kugulana ndi munthu amene si m'bale wako ndiwo moyo wa malo ano kuyambira kale.

Komabe nkhaniyi sinayambire pa nayiloni. Mukatsika ndi msewu wa ku Chirundu n'kukhotera ku Siavonga, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, pali kaphiri kotchedwa Ingombe Ilede. Mu 1960, anthu akukumba kuti aike thanki ya madzi ya Atonga amene anasamutsidwa chifukwa cha damu la Kariba, anapeza manda. M'mandamo munali mikanda ya golide, mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, mawaya a mkuwa ndi mitanda ikuluikulu ya mkuwa. Eni mandawo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 500 zapitazo, pa mphambano ya malonda a m'chigwa cha Zambezi.

Chimene chimandikoka ine ndi mitanda ija. Mkuwa ankausungunula n'kuuthira m'chikombole, motero mtanda uliwonse unkatuluka wofanana ndi unzake. Munthu amene sumva chilankhulo chake ukhoza kugulana naye ndithu ngati nonse awiri mukudziwa maonekedwe ndi kulemera kwa mtanda weniweni. Umaunyamula, umautembenuza, umaugogoda. Sufunikira kudziwa kuti atate ake ndani, chifukwa dzanja lako lakuuza kale zimene umafuna kudziwa.

Musaganize kuti akale onse anali oongoka mtima. Ku British Museum ku London kuli kaphale ka dongo kochokera mu mzinda wa Ur, m'dziko la Iraq wa lero, kolembedwa cha m'ma 1750 BC. Ndi kalata ya dandaulo. Munthu wina dzina lake Nanni akukalipira wamalonda wotchedwa Ea-nasir chifukwa cha mkuwa wosakhala bwino, komanso chifukwa chonyoza wantchito amene anamutuma kukatenga katunduyo. Taonani pamene panalakwika: Nanni sanapite yekha, ndipo ndalama zake zinali kale m'manja mwa wogulitsa. Ife a dziko la mkuwa tiyenera kumumvera chisoni bambo ameneyu, ngakhale papita zaka pafupifupi 3,800.

Nanga zinthu zimene sizikutheka kuziyesa ndi dzanja pomwepo, kapena malonda amene malipiro ake adzabwera chaka chamawa? Apa ndi pamene makolo a dera lino anaonetsa nzeru zimene ine ndimazilemekeza kwambiri. Elizabeth Colson, mayi wa ku America amene anayamba kukhala pakati pa Atonga mu 1946 ndipo anamwalirira ku Monze mu 2016, analemba za malonda awo akale m'nkhani imene inatuluka m'buku lotchedwa Markets in Africa mu 1962. Atsamunda asanabwere, kunalibe misika yonga Soweto kapena msika wathu wa m'tauni ya Kafue. Koma katundu ankayenda ndithu, mitunda italiitali: makasu, mikondo, fodya, nsomba zouma, ng'ombe, ndi mchere wonga wa ku Basanga kwa a Ila.

Ankayenda kudzera mu ubale, kudzera mu mukowa, ndiponso kudzera mu ubwenzi wapangano umene Atonga amautcha bulongwe. Mulongwe wako anali munthu wa dera lina amene munapangana naye. Ukafika kwawo ndi katundu wako umagona m'nyumba mwake, umadya nsima yake, ndipo anthu a m'mudzimo amadziwa kuti ukakhudzidwa iwe wakhudzidwa iyeyo. Chimene wamupatsa lero sanali kubweza lero lomwelo ayi. Ankadzabweza akadzabwera kwanu, mwina mvula itagwa kawiri. M'masiku amene magulu ankhondo ndi ogula akapolo ankayendayenda m'dera lino, kufika m'mudzi wa eni popanda munthu wotere kunali kudzipereka wekha.

Taganizani zimene munthu ankataya akanamiza mulongwe wake. Sankataya kasitomala mmodzi. Ankataya nyumba yogonamo paulendo, njira yonse ya malonda ya kuderalo, ndi dzina lake pamaso pa midzi iwiri. Khasu limodzi lobedwa silikanalipira zonsezi. Makolo athu sankakhulupirira mlendo. Ankayamba amusandutsa munthu wodziwika, kenako n'kugulana naye. Kuipa kwake kunalipo, ndisabise. Njira imeneyi inali yochedwa, ndipo mwana wamasiye wopanda womudziwa kutali analibe polowera. Sunkagula kwa aliyense amene wafuna. Unkagula kwa amene unamangana naye.

Chimene chinamasula anthu ku zimenezi ndi ndalama. Mlatho wa njanji wa pa Kafue unamangidwa mu 1906, chaka chomwe njanjiyo inafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero. Sitima inabwera ndi msonkho, ndi ntchito yolipidwa pamwezi, ndi sitolo. Munthu wokhala ndi sheleni m'thumba sankafunikiranso mulongwe kuti apeze khasu kapena nsalu. Ankangolowa m'sitolo.

Ndanena kuti ankalowa, koma m'matauni a Northern Rhodesia mawu amenewa sanali oona kwa munthu wakuda. Mashopu ambiri a azungu sankamulola kudutsa pakhomo. Ankagulira pa kawindo ka m'mbali kapena ka kuseri. Kubutchala ndiko kunali koipitsitsa. Umaima pamzere padzuwa, umapereka ndalama pa kawindo, dzanja limakupatsira phukusi lokulungidwa kale. Ukakalitsegula umapeza mafupa, mafuta ndi zotsala, zimene eni mabutchala ankazitcha boys' meat. Kusankha kunalibe, kubweza kunalibe. Ambuya anga ankati chowawa sichinali fupalo kwenikweni, chifukwa fupa limakoma mumsuzi. Chowawa chinali chakuti ndalama yako ankailandira yonse, ndipo ankaiyang'anitsitsa ngati ndi yeniyeni, pamene iweyo sunkaloledwa kuyang'ana chimene ukugula.

Mu 1954 chipani cha African National Congress chinalimbikitsa anthu a mu Lusaka kunyanyala mabutchala. Mtsogoleri wake anali Harry Mwaanga Nkumbula, mwana wa ku Maala m'boma la Namwala, kumtunda kwa mtsinje womwe uno, ndipo mlembi wamkulu anali Kenneth Kaunda. Amayi ankaima pafupi ndi makomo a mabutchala n'kumabweza anzawo obwera kudzagula. Mu 1956 kunyanyala kunafalikira kumashopu ena mpaka ku Copperbelt. Kaunda anasiya kudya nyama pa chifukwa chomwechi. Kusukulu nkhaniyi tinaiphunzira ngati nkhani ya tsankho, ndipo ndi zoona. Koma ine ndimaionanso ngati nkhani ya wogula. Amayi aja ankamenyera ufulu woona chinthu, kuchigwira, kuchitembenuza, ndi kuchikana ndalama zisanachoke m'manja. Kawindo kameneka mukasunge m'mutu, tikumana nakonso.

Ufulu utabwera mu 1964 khomo linatseguka, ndipo mu 1968 kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Koma mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, mashelefu a mashopu a boma monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni anayamba kukhala opanda kanthu. Sopo, shuga, saladi, unga, zonse zinali za pamzere wa mbandakucha. Katundu anasamukira kukhomo lakuseri ndi kwa anyamata a mishanga. Bulongwe unabwerera, koma utapotoka: wodziwana ndi munthu wa m'shopu ankadya, wosadziwika ankagula modula mumdima, osafunsa zambiri poopa kuti wogulitsa angasinthe maganizo.

Kenako kunabwera salaula. Zovala zakunja zovalidwapo zinayamba kuchuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo boma la Frederick Chiluba litatsegula malire a malonda pambuyo pa 1991 zinasefukira ngati Kafue wa mu Malichi. Tauni yathu inalawa kuwawa kwake. Fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles inafooka mpaka kutsekedwa, Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kutsimphina, ndipo anthu amene anazolowera malipiro a pamwezi anapezeka ali pamsika. Karen Tranberg Hansen, amene analemba buku lotchedwa Salaula lotuluka mu 2000, anaona kanthu kena kamene kamandiseketsa ndi kundiphunzitsa nthawi imodzi. Ogula ankakonda kukhalapo belo likamatsegulidwa, ndipo ankakhulupirira chovala chokwinyika kuposa chositidwa bwino. Makwinya anali umboni wakuti changotuluka kumene m'belo, sichinadutse m'manja mwa munthu wina wa komboni yomweyo. Chovala chooneka bwino kwambiri ndicho chinkakayikitsa.

Dzina lenilenilo, salaula, limanena za kusankha mumulu, kufukula ndi manja ako mpaka utapeza chokukomera. Palibe chinthu chotalikirana ndi kawindo ka 1954 kuposa chimenechi. Koma onani amene anasenza mantha m'malo mwa wogula: mayi wogulitsa uja. Iyeyo amagula belo lomangidwa ndi zingwe, lolembedwa kunja kuti muli madiresi kapena majekete, osadziwa ngati m'katimo muli chuma kapena nsanza. Mantha ogula chosaona sanathe. Anangosamukira pa munthu mmodzi amene anavomera kuwasenza kuti apeze phindu.

Pa haba pathu mafunso awiri aja amayankhidwa tsiku lililonse popanda wowatchula. Aliyense amadziwa meda yokankhidwa pansi kuti ilowe zochepa, ndi mulu wa bream zazikulu pamwamba, tating'ono pansi. N'chifukwa chake mayi wodziwa ntchito yake sagula ndi maso okha. Amafukula mulu, amayang'ana maso a nsomba, amakanikiza mnofu ndi chala, amanunkhiza. Akamaliza kukangana za mtengo mumamva, "Onjezaniko mbasela, atate," ndipo msodzi amaponyapo kamlamba kamodzi akudandaula. Mbasela si chifundo chokha. Ndi uthenga wakuti mawa mudzandipeza pompano.

Nkongole ndiyo imaonetsa bwino mmene zimayendera. Mayi wa ku Lusaka amapereka ndalama ya ukonde kwa msodzi, pangano n'lakuti nsomba zikagwidwa ayambe iyeyo kusankha. Nthawi zina zimatembenuka: msodzi amapereka nsomba, ndalama idzabwera mayiyo akagulitsa. Palibe pepala, palibe sitampa. Chimene chimagwira panganolo n'chakuti bwato la msodzi limagona pamalo odziwika, ndipo mayiyo sangathawe mpaka kalekale chifukwa nsomba zili kuno, sizili ku Kanyama. Pamwamba pa apo haba yonse ndi mboni. Wothawa ndi nkongole ya mnzake sapezanso womugulitsa, kuyambira bwato loyamba mpaka lomaliza. Amathawa alipo, inde, koma amathawa kamodzi.

Mafoni a m'manja atachuluka, Katondo Street ku Lusaka inatchuka ndi nkhani imene aliyense anaimvapo kwa msuweni wa mnzake: wakuonetsa foni yeniyeni, wailiza, mwagwirizana mtengo, waibweza m'bokosi, ndipo pofika pa siteshoni ukupeza m'bokosimo muli sopo. Chinyengo chimenecho chinkafuna manja achangu ndi kulimba mtima, chifukwa wakubayo ankayenera kuima pamaso pako, ndipo msewu wake unkaudziwa. Chimene chinachotsa ngakhale zimenezo ndi ndalama ya pafoni.

Ambiri sadziwa kuti Zambia inali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuyesa kulipira pafoni. Celpay inayamba kuno mu 2002, zaka zisanu M-Pesa ya ku Kenya isanabadwe mu 2007. Zoona inabwera mu 2009, kenako Airtel Money ndi MTN Mobile Money kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, mpaka ma booth anadzaza m'mbali mwa msewu uliwonse. Sindidzanyoza chinthu chimenechi. Kwa malo onga Chanyanya chinali chipulumutso. Mayi wa nsomba sayendanso ndi ndalama zonse za bizinesi atazimanga pa mfundo ya chitenge, ndipo mwana wa ku Kitwe amatumizira amake ndalama ya mankhwala tsiku lomwelo.

Koma taonani zimene chinachita ku mafunso athu awiri. Katunduyo ndamuona? Mwaona chithunzi, ndipo chithunzi munthu akhoza kuchitenga paliponse. Injini imodzi ikhoza kugulitsidwa kwa anthu khumi, mwini wake weniweni ali ku Dubai osadziwa kanthu. Ndikamupeza kuti? Muli ndi nambala, ndipo nambala ndi kachidutswa ka pulasitiki kamene kamathyoledwa ndi zala ziwiri. Dongosolo la pa haba latembenuzidwa: ndalama patsogolo, phukusi pambuyo. Ndi kawindo kaja. Dzanja lanu likulowetsa ndalama pabowo, kuseri kwake simukuonako. Kusiyana n'kwakuti wabutchala wa 1954 anali ndi nyumba ya njerwa imene amayi ankatha kuimapo pakhomo, ndipo ngakhale anali wachipongwe, fupa lokha ankapereka.

Onyenga a masiku ano machenjera awo si ambiri, amangowabwereza chifukwa amagwira ntchito. Mtengo umakhala wotsika moti mtima umayamba kuthamanga mutu usanaganize. Chikomekome cha mkuyu, paja akulu anatero. Kenako changu: pali wina akufunanso, akubwera ndi ndalama masana ano. Dzina lotuluka pa nambala likasiyana ndi limene anakuuzani, yankho lilipo kale: ndi ya akazi anga, yanga yadzaza. Ndipo sapempha zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi kandalama kogwirira katundu, mawa ya transport, mkuja katundu wagwidwa pa boda pakufunika ina. Ndalama yachiwiri munthu amatumiza pofuna kupulumutsa yoyamba, yachitatu pofuna kupulumutsa ziwirizo. Ambiri amene ndawaona akulira sanali opusa. Ankathamangitsa ndalama yawo imene inali itapita kale.

Tisaiwale kuti kawindo kamabisa mbali zonse ziwiri. Wogulitsa nayenso ali ndi mantha ake. Msodzi amene wakweza kontena ya bream ndi ayisi pa galimoto amalandira uthenga wooneka ngati wa kampani ya foni wakuti ndalama yalowa, koma akayang'ana balansi palibe chasintha. Kapena wina amaimba akulira kuti watumiza molakwika, chonde bwezani, pamene sanatumize kalikonse. Choncho onse awiri amakhala atagwira chawo, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe.

Pali nyengo imene onyenga amaikonda kwambiri kuno. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Nsomba imasowa, mtengo umakwera, ndipo pamapezeka anthu olonjeza pafoni kuti ali nayo yobisa. Amene watumiza ndalama n'kudyeredwa akadandaula kwa yani? Akapita kupolisi akanene kuti amagula chiyani? Wonyenga amadziwa kuti pakamwa pa munthu ameneyu ndi potseka kale. Ngakhale pa malonda ololedwa, manyazi amachita ntchito yomweyo. Pa haba munthu akaberedwa amakuwa, ndipo kukuwako ndiko kumateteza wotsatira. Woberedwa pafoni amangoti zii m'nyumba, nambala ija n'kupitiriza kudya ena.

Malamulo alipo. Gawo 309 la Penal Code, lamulo limene tinalandira kwa atsamunda, limalanga munthu wotenga cha mnzake mwa bodza. ZICTA inalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe ndi NRC ya mwini wake, ndipo inakhazikitsa *707# yoti anthu azinenerapo manambala a onyenga. Mu 2021 kunabwera Cyber Security and Cyber Crimes Act, imene inalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025. Cholinga cha kulembetsa SIM chinali chabwino: kuyankha funso lachiwiri lija, kuti kuseri kwa nambala kukhale munthu wopezeka. Koma NRC imabwerekedwa, imatayika, imajambulidwa, ndipo dzina lotuluka pafoni likhoza kukhala la ambuya ena a kumudzi amene sadziwa n'komwe kuti ali ndi manambala asanu.

Kukula kwa bowo limeneli kunaoneka mu April 2024, pamene Drug Enforcement Commission ndi mabungwe ena a boma anathyola ofesi ya kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka. Anagwira anthu 77 ndipo anapeza ma SIM opitirira 13,000. Mu June chaka chomwecho anthu 22, ambiri a iwo ochokera ku China, analamulidwa kukhala m'ndende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Onyengedwa anali m'maiko akutali monga Singapore, Peru ndi United Arab Emirates. Chimene chinandikhudza ine ndi anthu amene ankagwira mafoniwo. Anali achinyamata a ku Zambia a zaka za m'ma 20, olembedwa ntchito ngati a call centre, opatsidwa mawu olembedwa kale oti azicheza nawo ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram. Tikamaganiza za munthu wa kuseri kwa windo timaona chilombo. Nthawi zina ndi mnzathu wa m'kalasi, wa satifiketi ya Grade 12 yomwe ili m'sutikesi, amene anauzidwa kuti wapeza ntchito ya pakompyuta.

Anthu sanakhale pansi kudikira boma. Mukayang'ana mmene achinyamata ochenjera a ku Kafue amagulira masiku ano, muona kuti akufukula njira zakale osadziwa kuti ndi zakale. Wina amatuma msuweni wa ku Chawama kuti akaone foniyo ndi maso, aiyatse, alowetsemo SIM yake, kenako aimbe kuti tumiza. Wina amauza wogulitsa kuti aimbe pa video, aonetse katunduyo atagwira kapepala kolembedwa tsiku la lero, amene ndi makwinya a salaula a m'nthawi yathu. Ena amagwirizana kukumana pa booth ya munthu wodziwika kapena pafupi ndi polisi, masana. Ndipo pali kondakitala wa minibasi ya Kafue–Lusaka, amene amanyamula phukusi, ndalama n'kuperekedwa likafika. "Ba kondakita, musapereke ndisanaimbe," ndipo iye amavomera chifukwa cha kandalama ka drink komanso chifukwa mawa adzakhala pa siteshoni yomweyo, basi yake ili ndi nambala imene aliyense amaiona. Ndi mulongwe wa ganyu, wa ulendo umodzi.

Njira zimenezi zili ndi malire ake. Kondakitala satsegula bokosi, ndipo likatuluka sopo iye alibe mlandu. Msuweni wa ku Chawama alipo, koma wa ku Nakonde ambiri tilibe, ndipo kumeneko ndi kumene mitengo yokoma imanenedwa kuti ili. Monga kale, wopanda womudziwa kutali ndiye amakhala poyera.

Amene ndawaona akulithetsa bwino vuto la woyamba ndani ndi amayi a nsomba ndi asodzi awo, amene ena a iwo tsopano amatha miyezi osaonana. Ulendo woyamba mayiyo amabwera yekha, fumbi lonse la msewu wa Chanyanya lili m'mutu, kudzaona bwato, nyumba ndi akazi a msodziyo. Kontena yoyamba yotumizidwa iye kulibe imakhala yaing'ono, yoti itatayika palibe amene angagone ndi njala. Yachiwiri imakulako. Pofika yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi palibenso amene amadikira mnzake: ndalama imanyamuka ku Lusaka nsomba zili kale pamsewu, ndipo uthenga umalowa mufoni ya msodzi galimoto ili pakati pa Shimabala ndi Chilanga.